Tsiku limene Tadala anathira mchere m'nkhuku yanga

Mpaka lero ndikangoona paketi ya mchere, lilime langa limauma lokha. Ndikuuzani, koma zithere pompano.

Nditangomaliza mayeso a Fomu 4, asisi anga anandiitanitsa ku Chirimba kuti ndizikawalerera mwana wawo Tadala, wa zaka zitatu (zitatu pa msinkhu, koma pakamwa ndi kondakitala wa minibasi). Lamulo linali limodzi: ndikangoonetsa ulesi, ndibwerera kwathu ku Bangula. Ine ku Bangula? Kotentha kuja, kumene nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale? Ndinalumbira kuti mu Blantyre muno adzachita kundizula ndi thirakitala.

Ndiye Loweruka lina apongozi awo a asisi ankabwera kuchokera ku Nsanje. Asisi popita ku Limbe kukawachingamira anandiloza chala.

"Nkhuku iyo uphike bwino. Ukalakwitsa, Lolemba ukwera nawo basi imodzi mayi amenewa."

"Asisi, inu pitani. Akalawa nkhuku yanga aiwala njira ya kwawo."

Tsopano mumvetse kaye izi. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amati odyawo angatupe. Amaitana kamwana kuti kathire. Asisi, ngakhale ali ndi wigi ndi foni yotacha, mwambo umenewu amausunga, ndipo wothira wake ndi Tadala. Vuto ndi loti mwanayo sadziwa kuti ntchitoyi ndi ya masiku ena okha. Iye amadziona ngati nduna ya zamchere.

Ndinaphika, abale. Anyezi, tomato, kaufa ka khale pang'ono, mchere ndinathira ndekha wa muyezo wake. Fungo linakafika mpaka ku Makata kumene alamu amagwira ntchito (ndikumva kuti makina anaima kaye). Ndinaphula poto, kuika pansi pakhonde, kutereka mpunga pa mbaula, kenako ndinati ndingosuzumira pafoni mphindi imodzi.

Mphindi imodzi ya pafoni mukuidziwa.

Podzutsa mutu, ndinaona Tadala atanjuta pambali pa poto, paketi m'manja, akuikutumula kuti kotsalirako katuluke.

"Anti, mwaiwala kundiitana. Ndathira ndekha."

Paketi yotsegula m'mawa womwewo. Yonse! Nditalawa, ndinaona azigogo anga onse amene anatisiya atandandalika, akundikodola.

Ndinathira madzi. Palibe chinasintha. Ndinaponyamo mbatatesi zinayi, poti ndinamva kuti zimayamwa mchere. Zinayamwadi, n'kusanduka mchere nazonso. Ndinawonjezera shuga masupuni atatu, ndiye inakhala nkhuku yowawa mchere koma yotsekemera, chinthu choti galu wa aneba ananunkhiza n'kubwerera chafutambuyo. Ndinakhuthulira zonse m'sefuliya yaikulu, madzi enanso, mpaka nthuli zinayamba kusambira ngati ana pa Shire. Ndikuti ndizivuule ndikazitsuke imodziimodzi pampopi, geti linalira. Asisi, apongozi, ndi alamu pambuyo atasenza thumba.

Patebulo alamu anapemphera pemphero lalifupi kwambiri, ine ndikufuna likanafika Lachitatu. Mayi aja anatapa msuzi, kuthira pa mpunga, kuika m'kamwa. Misozi inalengeza. Anamwa kapu ya madzi, n'kupempha ina. Asisi anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawomo ndinaona basi ya ku Nsanje, injini ikulira kale, mpando wanga wa pawindo.

"Wathira mchere ndani muno?" anafunsa mayiwo.

Ndisanatsegule pakamwa, Tadala anaimika mkono ngati ali ku nazale.

"Ine, agogo! Wonse!"

Mayi aja anaika supuni pansi, n'kutembenukira kwa ine.

"Iwe mwana, tabwera ndikugwire dzanja. Atsikana a m'tauni masiku ano amangodzithirira okha, kufuna kutipha. Koma uyu wadziwa kuti ali kumwezi, waitana mwana. Uyu ndiye woleredwa!"

Pamaso pa alamu! Alamu anatembenuka n'kuyamba kuwerenga kalendala ya pakhoma ngati muli nkhani za mpira. Ine ndinafuna kukuwa kuti ayi, sizili choncho, koma ndikakana ndiye kuti ndiulule za foni. Panali ziwiri: manyazi kapena basi. Ndinaweramitsa mutu ngati mkwatibwi, n'kupereka dzanja uku nditagwira chigongono.

"Ameneyu asachoke pakhomo pano," anatero mayiwo. "Kungoti mawa uzikagwira dzanja kamwanaka pothira."

Tsiku limenelo tinadya mpunga ndi mazira okazinga. Kukhitchini asisi anandipotokola khutu.

"Ndikudziwa unali pafoni, mfiti iwe."

"Asisi, mwamva nokha. Ndine woleredwa."

Khutu linalo analipotokolanso, koma mawu a apongozi angawaphwanye ndani?

Ndidakali ku Chirimba. Nkhani inakafika mpaka ku Bangula, moti amayi anaimba foni kundiyamikira, azakhali nawonso, ndipo mudzi wonse ukudziwa masiku anga, olakwikanso. Mchere tsopano ndimaubisa pamwamba pa kabati, chimenecho ndiye ndinaphunzira. Za foni musandifunse, poti izi ndikulembera pafoni pomwepo, nyemba zili pamoto, ndipo Tadala wangoti zii.

Tadikirani. Soda wothira m'nyemba uja ndinamusiya pati?