Ntchentche ya Apongozi

Ntchito yanga anzanga amaiseka, koma ine ndimaikonda: ndimasiyanitsa mitundu ya ntchentche zokhala m'ubweya wa mileme. Tsiku lonse diso pa maikulosikopu, kuwerenga timinga ta pamimba. Kwa ife, ukapeza mtundu watsopano n'kuupatsa dzina la munthu, ndiye kuti wamulemekeza kotheratu. Nditaupeza wanga, ndinaupatsa dzina la malemu apongozi anga aamuna, munthu amene anandilandira ndilibe ngakhale jekete. Mkazi wanga sindinamuuze, ndimati adzadabwe.

Tsiku lovundukula mwala wa pamanda a apongoziwo, titabwerera kunyumba ku Kabulonga, abale anadzaza pabwalo, ena ochokera ku Kitwe. Abusa atapemphera, anafunsa ngati alipo wofuna kunena mawu. Kodi chinandiimiritsa n'chiyani? Ndinaima, misozi ili m'maso, n'kulengeza kuti dzina la bambo tsopano lalowa m'mabuku a sayansi, poti ndalipereka kwa cholengedwa chatsopano chimene ndinapeza. Anthu anaomba m'manja. Ndikanangokhala pansi pomwepo!

Azakhali a mkazi wanga, poganiza kuti n'kambalame, anandiitana ndi dzina la mwana wathu n'kufunsa, “Ni kanyoni, bashi Mapalo?”

Ine ndi kunyada kwanga ndinatulutsa foni, chithunzi n'kuchikulitsa. Chinthu chopanda mapiko, chopanda maso, miyendo ngati kangaude. Foni inayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akuipereka msanga ngati yotentha.

“Manje kamadya chani?” anafunsanso azakhali aja.

“Magazi,” ndinayankha.

“Ya bandani?”

“Ya mileme.”

Abusa anatseka Baibulo pang'onopang'ono. Mkazi wanga anandiponda phazi, koma ine pofuna kukonza zinthu ndinawonjeza kuti kakakamatira mleme sikachoka mpaka kufa. Kukonza kwake kumeneko?

Apongozi aakazi, amene anali chete tsiku lonse, anandiitana pafupi. Ndinagwada. Anayankhula motsitsa, mopanda mkwiyo, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

“Mwana wanga, mwachita na mtima wabwino. Koma mukafuteko chabe zina ija.”

Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti dzina likasindikizidwa, silifufutika. Ndinawauza zoona.

Anayang'ana chithunzi cha amuna awo chimene chinali patebulo, nkupuma mozama.

“So mwala uja tagula uzakasila, koma ka doyo aka kazankalilila?”

“Ee, mayo.” Mwala udzatha, koma kachilomboko kadzakhalapobe ndi dzina lawo.

Ndili ndi mtundu wina watsopano m'kabotolo ku ofesi, ndipo apongozi aakazi anatuma kale mkazi wanga kudzandichenjeza kuti iwo akadali moyo. Umenewo ndidzautcha dzina la phanga limene ndinaupeza. Phanga lilibe achibale ku Kitwe.