Mmene Ndinakokera Apudeti ya Rauta ndi Chilimira

Amene akuti ine Chikadza ndimanama aimirire ndimuone nkhope. Aimirire! Inu a Mbewe bisani mano amenewo, chifukwa masiku amene ndinkalimbana ndi rauta inu munali ku Maganga kukumba chinangwa cha apongozi anu. Nkhaniyi ndikaikumbuka mutu umawira, ndiye musandisekere pafupi.

Mwana wanga Tiyamike amagwira ntchito ya pakompyuta mu ofesi ina ku Lilongwe. Atabereka anabwera kuno ku Senga Bay ndi kamdzukulu kanga kakakazi, Mphatso, ndipo abwana ake anamulola kugwirira ntchitoyo konkuno, bola azilowa m'makompyuta a kuofesi kudzera pa VPN, kanjira kobisika koti mbava za pa intaneti zisamuone. Laputopu ya kuofesi anaikhoma, sulowetsamo kanthu, ndiye kanjirako kanayenera kukhala mu rauta, kabokosi koyera ka nyanga ziwiri kogawa intaneti m'nyumba. Yathu inalibe. Amene anaipanga analemba kuti VPN ibwera ndi apudeti, nzeru zatsopano zimene amatumiza mu rauta kudzera pa intaneti, posachedwapa. Abwana aja nawo, ndi mawu awo a m'mphuno: "Mwezi ukatha usanalumikize, Lolemba ndikupeze pa desiki." Mukumva? Mdzukulu wanga woyamba andichokere pakhomo chifukwa cha kabokosi!

Posachedwapa! Abale, mwezi umodzi umenewo unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri m'mimba mwake. Ndinakhala pampando maso pa rauta, n'kumadina pafoni pamene Tiyamike anandionetsa, ndinadina, ndinadina, mpaka chala ichi chinaphwatalala ngati nkhafi moti lero ndimapalasira bwato, chiswe chinadya mpando wonse ine osadziwa n'kutsala nditakhala pamphepo masiku anayi, ndevu zinakula n'kutulukira pakhomo kutsetsereka mpaka kugombe, asodzi anzanga n'kumadulako zosokera maukonde osapempha n'komwe, koma foni imangoti palibe chatsopano. Palibe chatsopano!

Ndinaimbira eni rauta. Kunayankha kamayi ka mawu otsekemera ngati kameza shuga: "Pepanitu bambo, dikiranibe pang'ono, ndinu ofunika kwambiri kwa ife." Kenako kanyimbo. Ine wofunika, n'kundiimbira kanyimbo! Ndinakuwa pafonipo mfuu umodzi, mwera, mphepo ya kummwera, umene unkabwera ndi mafunde aatali ngati tchalitchi unatembenuka pomwepo n'kusanduka mpoto, ndipo nditathamangira kunyanja kukaviika mutu kuti uzizire, madzi anawira kuchokera pagombe mpaka kuchilumba, usipa n'kumatuluka wofutsafutsa kale, amayi n'kumangouwola kukayanika pathandala, mvuu imodzi n'kuthawa kutenthako kukakwera mumtengo. Alipo anati zikomo a Chikadza? Ndi mmodzi yemwe!

Ndinafunsa mwana wanga kuti kodi apudetiyo imadzera kuti. Iye akuti, "Imadzera mumlengalenga, ababa. Ingoisiyani, ifika yokha."

Kundiuza ine, msodzi wa zaka makumi anayi panyanja, kuti chinthu chikusambira penapake ndichisiye chifike chokha! Ndinanyamula chilimira, ukonde uja amakoka amuna asanu ndi anayi ndi maboti awiri, ndinauponya paphewa limodzi ngati thaulo, ndinakwera phiri la Senga, chingwe china ndinamanga kumlambe, china kumtambo umene ndinaupeza ukuwodzera, ndipo anyani a m'phirimo ndinawalemba ganyu yokoka, wamkulu wawo ndinamuika kukhala kapitawo. Mukumva? Kukoka koyamba munatuluka mameseji a zibwenzi, zithunzi za maukwati a anthu osawadziwa, maulaliki atatu ndi theka la mpira. Ndinabwezera, tinsomba tosakhwima. Kukoka kwachiwiri munakodwa kandege ka alendo a kuloji, ndinakamasula, woyendetsa n'kumandilalatira m'chizungu, "Hwati, hwati, hwati!" ine n'kumukankha azipita.

Kachitatu chingwe chinalira. Anyani anagwa chagada onse. Abale, inali iyo, apudeti yeniyeni, yaikulu ngati minibasi, yoterera ngati kampango, ikuphethiraphethira timagetsi tobiriwira m'mbali monsemu, ndipo itaona nkhope yanga inathawa nane, kundikoka kutsika phiri, kudutsa m'minda ya anthu, kulowa panyanja, zidendene zanga zikulima mzere pamadzi mpaka tsidya la Mozambiki ndi kubwerako, mzerewo ukaliponso kukakhala bata mukauone, koma ine osataya chingwe, mpaka inatopa, ndinaimenya nkhafi pamutu, ndinaikwekweretsa mpaka pakhonde n'kuipanikiza pakabowo ka kumbuyo kwa rauta, mchira pomaliza. Linali Lachisanu masana, tsiku lomaliza la mwezi.

Tiyamike anayang'ana foni n'kudumpha. "Ababa, yafika! Yayamba kulowa!" Anandionetsa kamzere kobiriwira kakukwawa pang'onopang'ono. Kenako anabereka mwana kumbuyo. "Ndikupita kusikelo, sindichedwa. Rautayo musaikhudze, ababa. Ngakhale ioneke ngati yaima, musaizimitse. Mwamva?"

Ndinamva. Ndinakhala pansi manja m'khwapa. Kamzere kanakwawa, kanakwawa, katatsala kachikhadabo kuti kafike kumapeto kanaima nji. Ndinadikira. Nji. Ndinakatukwana. Nji. Nkhuku inaikira dzira pakhonde, inafungatira, inaswa, anapiye anakula n'kuyamba kulira m'mawa, kamzere kali pompo!

Tsono ndiuzeni inu nonse amene munakulira pagombe pano. Injini ya boti ikatsamwa pakati pa nyanja, mumakhala n'kumaiyang'ana? Mumaiimbira nyimbo? Aliyense amadziwa: umazula pulagi, umaiuzira, umaipukuta pabuluku, umabwezera, injini n'kudzuka. Ndadzutsa injini zoposa tsitsi la a Mbewe, ngakhale tsitsilo ndi lowerengeka. Ndiye ndinazula waya wa magetsi kumbuyo kwa rauta, ndinauzira m'kabowomo fuu, kawiri, ndinapukuta wayayo pabuluku bwinobwino, ndinabwezera.

Timagetsi tonse tinathima. Kanatsala kamodzi kofiira, kakundiyang'ana ngati diso la ng'ona.

Ndinauziranso. Ndinaigwedeza. Ndinaiika padzuwa. Kofiira.

Tiyamike atafika anayang'ana kagetsiko, anayang'ana ine. "Ababa, mwaizimitsa?"

"Magetsi anaphethira, mwanangu," ndinatero. "Ukuwadziwa magetsi athu."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangokhala pamphasa n'kuyamba kupinda matewera. Loweruka ndinanyamula rautayo, ndinakwera kabaza ndi minibasi mpaka ku Salima kwa munthu wokonza mafoni pafupi ndi depoti, iye anaitembenuza kamodzi n'kunena ngati dokotala, "Madala, iyi yaduka ili pakati polemba ubongo wake. Yasanduka njerwa." Ina yokhala ndi VPN m'boma monse munalibe. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, chikwama cha Tiyamike ndinanyamula ndekha mpaka pasiteji, Mphatso akulira kumbuyo kwa amake, minibasi n'kunyamuka nawo ulendo wa ku Lilongwe.

Ndiye ndikufunseni, ndi mmisiri wanji amapanga chinthu choti ukachiuzira chimafa? Ndi ulemu wanji kudikiritsa munthu wamkulu mwezi wathunthu, n'kudzaimanso pakhomo penipeni? Ndikadzakumana naye ameneyo ndidzamuyanika pathandala, mudzamugula pa mulu!

A Mbewe mukupukusa mutu, mukuti bodza lili pati? Za mtambo ndi zoona. Za anyani ndi zoona, kapitawo uja amandipatsabe moni. Mvuu inatsika mumtengo dzana. Ndikhoza kulumbira pamaso pa abusa. Bodza m'nkhani yonseyi ndi limodzi lokha, lija la magetsi. Tsiku limenelo sanaphethire ngakhale kamodzi. Ndipo amene akamuuze Tiyamike, ndimuponya m'nyanja ndi dzanja lamanzere, akatuluke ku Mozambiki.