Tsiku limene nkhafi inakana bwato

Senderani kuno, kokani mkekawo. Mumve za mbatata zanga, koma oseka asekere kumbali.

Mdzukulu wanga Tiyanjane, amene amaphunzira zolamula makompyuta ku Blantyre, anabwera kutchuthi nkhope ili gwaa. Tsiku lonse ali pakhonde, laputopu pamiyendo, kumangotsonya.

"Iwe, akukana ndani?" ndinamufunsa.

"Agogo, ndi mathiredi ndi madeligeti. Akundizunguza mutu."

Anandifotokozera kuti kompyuta imatha kugawa ntchito kwa antchito angapo, onse n'kumagwira nthawi imodzi. Amenewo ndiwo mathiredi. Deligeti ndiye ngati mthenga: umamupatsira ntchito, iye n'kukaipereka kwa woichita, iwe uli phee.

"Basi?" ndinatero. "Ine ndalera ana asanu ndi atatu, wina kumsana wina kubere, mtondo ukulira. Sukulu imeneyo ndinamaliza kale."

"Koma agogo, awiri akamalimbirana chinthu chimodzi..."

"Ukaphunzitse amako zimenezo." (Pamenepo ndi pamene ndikanatseka pakamwa.)

M'mawa mwake Shire anayamba kukwera. Mbatata zanga zinali kudimba la pachilumba, zokhwima kale, ndipo miono yanga ya nsomba inali m'bango kumunsi. Zonse zofunika bwato tsiku lomwelo. Ndinati lero mwanayu aone mathiredi enieni.

Ndinatuma mdzukulu yemweyo ngati deligeti. Kwa mkamwini wanga Fulanki: akakumbe mbatata, yake ndiyo ntchito yoyamba, chimene wagwira asachitaye. Kwa mng'ono wanga Nasibeko: akavuule miono, yake ndiyo ntchito yoyamba, chimene wagwira asachitaye. Ine n'kukhala pansi pa mtengo wa mtondo, n'kumasenda mtedza ngati bwana wa ku esiteti.

Bwato ndili nalo limodzi. Nkhafi imodzinso.

Dzuwa linafika pamutu, zii. Linapendeka, zii. Ndinati ntchito yachuluka, mbatata zabereka. Kenaka mtima unandiluma, ndinatsikira kudooko.

Ndinapeza Fulanki ali m'bwato, wapereka msana kumtunda, akuyang'ana madzi ngati akuwawerenga. Kuseri kwa bango, mayi Nasibeko akhala mwendo tambalale, nkhafi aikumbatira ngati khanda. Nasibeko anadzera kunyumba kukatenga nkhafi, Fulanki anathamangira bwato. Ndipo mukudziwa mwambo wathu: mng'ono wanga kwa Fulanki ndi apongozi. Sayang'anana, salankhulana, nanji kukwera bwato limodzi!

"Nasibeko, chikuchitika n'chiyani?"

"Achemwali, ndikudikira atsike. Munati ndisataye."

Ndinafuulira kumadzi, nanenso nkhope nditatembenuza (paja ndine apongozi akenso): "Bambo, bwanji osapempha nkhafi?"

"Nkhabe, mayi, ayi! Ine ndiyambe kulankhula? Ndakhala ndikutsokomola chiyambire m'mawa."

"Ndimayesa ndi chifuwa," anatero Nasibeko.

Tiyanjane, amene ananditsatira, anagwa pansi ndi kuseka. "Agogo, ndi zimenezi! Aliyense wagwira chake, akudikira cha mnzake, palibe woyenda. Aphunzitsi anafotokoza sabata yonse, ine osamva!"

Ndinalanda nkhafi n'kuiponyera m'bwato, koma madzi anali atathamanga kale, ndipo mkamwini wanga sindikanamuponya m'mkokomo umenewo chifukwa cha chakudya. Titawoloka patapita masiku atatu, dimba lonse linali pansi pa madzi, mvuu zikufwenthera pamizere panga.

Tiyanjane anabwerera ku Blantyre, mayeso anakhoza, ndipo akuti anzake onse akudziwa za nkhafi yanga. Nasibeko anapeza miono iwiri yokha, mpaka lero amati wolakwa ndi amene anatsokomola mosamveka. Fulanki anasema nkhafi yachiwiri n'kuibisa kudenga kwake. Ine chaka chimenecho mbatata ndinadya zopempha.

Koma kunena zoona, nzeru ija inali yabwino. Chaka chino ndidzatuma atatu.