Bulauzi Yoyera ya Mayi a Magi

Mwati chiyani, a Mkwepu? Mwati pachilumba pano sipanakhalepo telala woposa wa pamsikayu? Siyani kaye bawoyo, sathawa. Amene akukayika akhale pansi amve, ndipo ndikanama penapake mphezi indipeze pompano pansi pa mlambe.

Ine ndinagwira ntchito m'sitima zaka makumi awiri ndi zitatu, pansi penipeni ku injini, kumene thukuta limadzaza nsapato. Matipate atabwera, sitima zinapita m'manja mwa ena, ife n'kutipatsa kalata yoti ntchito yatha. Ndinatsika pa Chipyela pano ndi kasutikesi, n'kuyenda mpaka kwathu ku Khuyu osayang'ana munthu kumaso.

Kenaka kunamveka kuti boma lakumbukira ochotsedwa ntchito. Litiphunzitsa utelala masabata atatu, ndipo tikamaliza aliyense alandira makina ake. Mayi a Magi, akazi anga, anaseka koyamba chibwerere ine. Nthawi imeneyo chifuwa chinali chitayamba kuwadya, ndipo bulauzi yawo yoyera ya chigwirizano cha amayi kutchalitchi inali itatheratu, moti ankakhala kumbuyo chifukwa cha manyazi. Anagulitsa nkhuku zawo n'kugula nsalu. Anati, "Bambo a Magi, choyamba kusoka ikhale bulauzi yanga. Mwambo wathu mukuudziwa, tsiku lopita timavala yomweyo. Musadzandigoneke m'sanza." Ndinalumbira pali Mulungu.

Mphunzitsi anachokera kumtunda ndi makina amodzi, ife amuna makumi anayi. Koma ine nditangoika phazi pachopondera, abale anga, gudumu linazungulira mpaka kufuka utsi, amayi a ku Mbungo anathamanga ndi malichero a usipa kudzaumitsa pa kutenthako, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditasoka makabudula a ana onse a pachilumba pano, nsalu zitatha ndinasoka maukonde, maukonde atatha ndinasoka bwato la a Chilinda limene linang'ambika pakati, mpaka lero sililowa madzi, ndipo thanthwe lija mumati linasweka ndi mphezi, mzere mumauonawo ndi msoko wanga! Mukumva? Sabata lachiwiri kunagwa mwera asodzi ali pakati pa nyanja, ine ndinasenza makina, kuwakhazika pamchenga, kugwira funde loyamba ngati mpendero wa chitenje, kulisokerera ku lachiwiri, lachiwiri ku lachitatu, mpaka ku Msumbiji, nyanja inangoti see ngati mphasa, anthu a tsidya lija n'kubwera wapansi ndi chinangwa kudzathokoza. Mphunzitsi anavula chipewa, nati, "Madala, ine ndilibenso choti ndikuphunzitseni."

Masabata atatha, anatipatsa masatifiketi, iye n'kukwera sitima ndi makina ake. Anati athu afika ndi sitima ya sabata la mawa.

Tsono kudikira ndiye ndinadikira kuposa munthu aliyense chilengedwere dziko. Ndinaima padoko mpaka mapazi kumera mizu, mbalame zinamanga chisa m'chipewa changa n'kuswa kawiri, maso anga anatalika moti sitima ndinkaiona isananyamuke ku Nkhata Bay, katundu yense ndikumuona mbee, matumba a ufa, malata, mbuzi, njinga ya munthu wina, koma makina ayi. Mukumva? Ndikafika kunyumba, mayi a Magi ankadzutsa mutu pamphasa. "Afika?" Ine, "Sabata la mawa." Patapita miyezi anasiya kufunsa, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa funso lija.

Tsiku lina anandigwira dzanja. "Bambo a Magi, bwanji nsaluyi mungopita nayo kwa telala wa pamsika? Ine thupili ndikulimva." Ndinakalipa, ine chitsiru. Ndinati mkazi wa munthu wa satifiketi ya boma asokeredwe ndi mwamuna wina, anthu ati chiyani? Anangoti, "Chabwino, tidikire." Paja amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, koma ine ndinali kalikiliki kuyang'ana wa kumphepo.

Anatisiya Lachinayi lina m'mawa, mvula ikuwaza. Amayi a chigwirizano atabwera kudzasambitsa mnzawo, mtsogoleri wawo anandiitanira pambali. "Bambo, yunifomu ili kuti?" Ndinatenga nsalu ija, kupempha singano kwa Magi, mwana wathu, n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Apa ndiye musaseke, a Mkwepu, chifukwa bodza landithera. Masabata atatu aja, makina ndinawaponda kawiri kokha, mzere unali wautali. Ndipo tinkaphunzirira pa mapepala a simenti, popanda ulusi, kungoboola timabowo. Nsalu ndinali ndisanaidulepo chibadwire.

Ndinasoka ndi manja, misozi ikutseka maso, singano ikundibaya, anthu akudikira ndi nyimbo. Khosi linatuluka laling'ono moti amayi anachita kung'amba kumbuyo kuti mutu ulowe. Palibe amene ananditonza. Mtsogoleri uja anangoti, "Mwayesetsa, bambo, apita ndi yoyera." Koma mkono umodzi unalekeza pachigongono, amayi n'kuufunditsa chitenje kuti anthu asaone. Ine ndinaona, ndipo mayi a Magi, kumene aliko, akudziwa amene anawadikiritsa.