Motoka Yogonamo ya Amake Monika

Lolemba
Ine Sitefano Tembo, atate ake a Monika, zaka 79, wa kuno ku Bwacha. Kusukulu sindinapondeko, zilembo ndinatola pa mabogi a sitima, choncho ndimalemba pang'onopang'ono.

Monika watumiza zithunzi pafoni kuchokera ku America. Abwereka motoka imene ilinso nyumba. Bedi momwemo, sitovu momwemo, chimbudzi momwemonso. Apita kukaona malo oponyera anthu kumwezi, kenako kunyanja kukagona pamchenga. Bedi ali nalo, akugona pamchenga. Sindikumvetsa.

Amake Monika foni aifikitsa pamphuno, ng'ala yawakwera m'maso. Akuti nyanja sanaionepo chibadwire, ndipo chaka chamawa mwina sadzaona ndi madzi a m'ndowa omwe. Ndalonjeza patsogolo pa chithunzi cha Maria: sabata ino, kunyanja ya ku Samfya.

Lachiwiri
Pa siteshoni ya maminibasi. Ndikufunsa motoka yogonamo, makondakitala akuseka. Mmodzi wandilozera kwa ba Mwansa a ku Ngungu. Yawo ndi yoyera, kumbuyo mulibe mipando, m'mawindo makatani. Ndagonamo kuyesa, ndakwana ndendende. Ba Mwansa akuti mwa onse amene anawanyamula palibe anadandaulapo.

Za kumwezi akuti kuno kulibe, koma panjira pali nsanja yaitali ya mafoni, tikhoza kuima n'kuiyang'ana.

Lachitatu
Zonyamula:
matilesi
mbaula ndi makala
nkhuku zowotcha
kapenta
ndowa, ndicho chimbudzi
kolona

Amake Monika akufunsa kuti motokayo masiku ena imanyamula chiyani. Sindinafunse. Ukabwereka khasu sufunsa kuti dzulo linalima kwa yani.

Lachinayi
Motoka yafika m'mawa, yaima pageti. Khomo lathu ndi lopanikiza, ndiye kuti matilesi atuluke ndayamba ndatulutsa mipando, tebulo ndi kabati, zonse pabwalo. Mbaula ndayatsa panja poyesa makala. Amake Monika agona, mutu.

Kenako kulira kumsewu. Amayi a m'chitente chathu cha kutchalitchi, mipango kumutu, akulowa pageti. Ndikufunsa wamwalira ndani, iwo akundigwira mapewa, akuti limbani mtima a Tembo. Kani motoka ija ndi yonyamula mabokosi a maliro! Bwacha yense akuidziwa kupatula ine. Katundu panja, moto panja, motoka pageti, nanga anthu akanaganiza chiyani?

Amake Monika atulukira pakhomo kufunsa za phokoso. Amayi balala! Wina wasiya patapata, mpaka pano sanabwere kudzatenga.

Lachisanu
Mlamu wanga wafika kuchokera ku Katete ndi azakhali komanso thumba la chimanga. Womuuza za maliro anapezeka msanga, womuuza kuti n'zabodza sanapezeke. Anthu adzulo abweranso kudzapepesa chifukwa cholira munthu wamoyo, ndipo opepesa nawonso amadya. Nkhuku za ulendo zapita. Kapenta wapita.

Amake Monika awakhazika pampando, mthiko sakuwalola kugwira. Akufunsa mmodzimmodzi kuti analira kwambiri ndani, ndipo sanabwere ndani.

Ndawanong'oneza kuti motoka ikadalipo, tikhoza kunyamuka. Akuti, “Mmenemo ndidzakwera kamodzi, a Tembo, ndipo tsikulo simudzandifunsa.”

Loweruka
Ba Mwansa atenga motoka yawo, ku Makandanyama kwagwa maliro enieni. Akuti wakufa sadikira holide. Matilesi athu anali momwemo, apita nawo.

Mlamu wandikhazika pamaso pa akulu kuti ndifotokoze chimene ndinagonera m'motoka ya maliro, ndi chimene ndimafuna kugonekeramo mlongo wake. Ndikufotokoza za kumwezi ndi za nsanja ya mafoni. Akungoyang'anana. Zaipiraipira.

Lamulungu
Ku Misa bambo mfumu alengeza kuti amake Monika ali moyo. Iwo aimirira, atembenuka mbali zonse, anthu m'manja. Pobwera akuti holide aiona, chiyambire Lachinayi sanaphike, sanatsuke mbale. Koma masana ndawapeza kuseri kwa nyumba, foni pamphuno, akufunafuna nyanja ija.

Tagona pamphasa. Kabati ikadali panja, ndikuopa kuigwira, anthu anganenenso zina.

Monika, mapepalawa ndikutumizira iwe. Undiyankhe bwinobwino: kumeneko mukamatulutsa matilesi, aneba mumawauza chiyani? Usachedwe, maso a amayi ako sakudikira.