Tambala wa Chinkhoswe pa Njinga ya Magetsi

Ndiyambe n'kuulula kuti unkhoswe anandilanda, ndipo pamene ankandilanda n'kuti ine ndili m'dambo, matope akulekeza m'mawondo.

Ku Nambuma ndinkadziwika kuti ndine wodziwa zinthu. Chigulireni foni yamakono ndi ndalama za fodya, panalibe nkhani yondipitirira. Pa bawo ndinkaphunzitsa anzanga kuti makampani akuluakulu a mafoniwa amadziwa chilichonse, ngakhale mbuzi yanu itasochera akhoza kukuuzani komwe yagona. Ndinkatinso petulo watha ntchito, dziko lapita pa magetsi. (Kunyumba kwanga kulibe ngakhale babu limodzi.)

Ndiye mwana wa mlongo wanga Nachisale, dzina lake Madalitso, anapeza mbeta kumudzi wina wa ku Kabudula. Unkhoswe unagwera ine, atsibweni ake aakulu. Ntchito yake sinali yoti munthu n'kutuluka nayo thukuta: kufika nthawi yabwino pa chinkhoswe, kupereka tambala kwa akuchikazi, kulandira msoti, basi. Abale onse anagwirizana zokwera matola m'mawa. Ine ndinabwereka njinga yamoto ya magetsi kwa mphunzitsi wina, n'cholinga choti akuchikazi aone kuti mwana wawo akulowa m'banja lotsogola. Mlongo wanga anandichonderera kawiri kuti bola tambalayo atsogole nawo. Ndinakanitsitsa, n'kumumangirira m'dengu kumbuyo kwa njinga.

Mphunzitsi uja anandichenjeza kuti magetsi anazima batire lisanadzaze, choncho ndingotsata msewu waukulu. Ndinamuyankha kuti asaphunzitse katswiri.

Nditayenda ndithu, foni inandionetsa njira yachidule yodzera pa mlatho. Mlathowo ndinkaudziwa bwino, poti ndinaona chithunzi cha aphungu atanyamula fosholo pamalopo, ndipo ndinatsala pang'ono kumenyana ndi munthu amene anawanena kuti ndi abodza. Nditangokhota, bambo wina amene ankapakira manyowa m'ngolo anandibayibitsa kuti ndiime.

"Kodi achimwene, mukulowera kuti? Uko kulibe njira."

Sindinaime ngakhale kupereka moni. Ndinangomuonetsa foni m'mwamba n'kupitirira, mumtima ndikumumvera chisoni chifukwa cha umbuli.

Mlatho ndinaupeza. Unali mwala wolembedwa mawu okoma ndi zipilala ziwiri, pamwamba pa chimodzi pataima mbuzi. Munthu wanzeru akanabwerera. Ine ndinatsata mtsinje kufuna powolokera, mpaka ndinalowa m'dambo. M'menemo ndi momwe batire linathera. Njinga ya petulo ikamafa imayamba yatsokomola kuti ukonzeke, koma iyi inangoti zii ngati mkazi amene wakwiya.

Ndinayamba kukankha, ndipo kulemera kwake simungakumvetse. Nsapato imodzi inatsala m'matope. Ndikuisakasaka, njinga inagwa, dengu linatseguka, tambala uyo, waliyatsa liwiro kulowa m'dimba la eni. Tangoganizani bambo wa jekete ndi tayi, nsapato imodzi, akukwawa m'mpiru kuthamangitsa nkhuku. Ndinamugwira pomaliza, koma nthenga za kumchira zinatsala m'dimbamo. Ndinati ndiimbire abale, foni yodziwa zonse ija inalibe netiweki.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wa ngolo uja, amene ankabweretsa manyowa kumadimba komweko. Sanandiseke. Anandithandiza kukweza njinga pamwamba pa zotsalira za manyowa, ine n'kukhala pambali pake nditakumbatira tambala. Titayenda mtunda ndithu, anafunsa mwaulemu kwambiri:

"Ndiye iyi ndi ija amati siimwa mafuta, eti? Ng'ombe zangazinso sizimwa."

Tinafika dzuwa litapendeka. Nthungululu zinali zitatha kalekale, anthu akutsuka mbale. Pampando wa nkhoswe panali mng'ono wanga Yosefe, amene ndinkamuseka tsiku ndi tsiku chifukwa cha foni yake ya mabatani. Ndinamva kuti atandidikira mpaka akuchikazi kuyamba kunong'onezana zoti mwina akuchimuna asintha maganizo, abale anakabwereka tambala kwa anansi a mtsikanayo. Madalitso ankangoyang'ana pansi. Ndinkayembekeza kuti mlongo wanga andikalipira, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale: magetsi, aphungu, netiweki. Iye anangondiyang'ana kuyambira kuphazi lopanda nsapato mpaka kutayi.

"Khalani apo mudye, achimwene. Zonse zatheka."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Kaya ndinaphunzirapo kanthu, sindikudziwa, poti pa bawo ndimanenabe kuti njinga ija inalibe vuto. Koma mwezi wathawu ndinamva kuti Madalitso ndi mkazi wake ayambana koyamba. Nditaona mkaziyo akubwera m'njira ya kwathu maso ali ofiira, ndinathamanga kukatulutsa mipando iwiri, malangizo ali kale pamlomo. Anagwada n'kundipatsa moni bwinobwino, anafunsanso za ana, kenako anadzuka n'kupitirira kwa Yosefe. Mipando ija ndinaibwezera ndekha m'nyumba.