Nkhuku ya Alamu ndi Mazira a Buluu

Nkhani iyi akazi anga amaikamba paukwati uliwonse, ndiye bola ndiikambe ndekha manyazi ake andichoke.

Matipate atangoyamba kumene, tinkachita lendi ku Nsungwi, kuseri kwa nyumba ya alandilodi athu, Amayi Gondwe. Tsiku lina alamu anga, amene ankaphikira mzungu ku Area 10, anabwera ndi nkhuku m'katoni.

"Mundisungireko, agalu a bwana avuta. Ndibwera month end."

Patatha masiku atatu nkhuku ija inaikira. Nditatola dziralo, mutu unaima. La buluu!

Potukula maso ndinaona Amayi Gondwe akutaya madzi pabwalo. Anali atachapa bulauzi yawo yoyera yakutchalitchi ndi buluu wochapira uja, nkhuku n'kumajompha pomwepo.

"Amayi, mukundiphera nkhuku! Taonani dzira ili!"

"Iii, pepani a Mbewe, sindimadziwa."

Anayamba kukataya madziwo kuseri kwa bafa, koma mazira buluu yemweyo. Lililonse ndinkaliponya m'chimbudzi, kuopa kudyetsa ana poizoni.

Kenako nkhuku ija ndinaimangirira kumwendo wa bedi sabata yathunthu, madzi ndikuimwetsa ndekha. Akazi anga anasamukira pa sitting room chifukwa cha fungo la zitosi. Inaikiranso. Buluu!

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinatuluka dzira lili m'manja, azimayi ali pamzere pampopi.

"Izi si za madzi ochapira ayi! Pali munthu akutiseweretsa pakhomo pano, ndipo tikumudziwa!"

Amayi Gondwe anaika chidebe pansi.

"Ine wamapemphero ndasanduka mfiti lero? Month end mundipatse makiyi anga."

Nyumba yamagetsi ku Nsungwi nthawi imeneyo, ina ndikanaipeza kuti? Akazi anga anatha masiku anayi osandiyankhula.

Loweruka alamu anatulukira ndi thireyi yopanda kanthu.

"Mazira anga akwana angati? Ndapeza nkhuku yoti ifungatire."

"Alamu, musadandaule, koma nkhuku yanu anailodza. Ikuikira a buluu okhaokha."

"Ndiye mtundu wake umenewo! Ndi yochokera kunja imeneyi! Mumayesa ndingakwere minibasi ziwiri ndi nkhuku wamba? Mazirawo ali kuti?"

Ndinangoloza kuchimbudzi.

Madzulo ake ndinakagwada pakhonde pa Amayi Gondwe, chipewa chili m'manja, matenanti onse akuonerera. Anandisiya ndipepese mpaka mawondo kuchita dzanzi.

"Chabwino, khalani," anatero. "Koma nkhuku yolodzedwayo isakuvutitseninso. Bwerani nayo kuno. Imeneyo angaithe ndi mfiti."

Ndinaimasula kubedi n'kukaipereka ndi manja awiri, alamu akuona. Mpaka lero alamuwo tikakumana pamaliro amangondidutsa.

Ukaona zachilendo pakhomo, uyambe wafunsa mwini nkhuku usanakalipire mwini nyumba.